Zenera la a Pisitoni

9 Febuluwale

Amake ana,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji inu ndi ana? Chifuwa cha mzime wathu chija chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene mukuudziwa kale, woti ukangoona Lolemba umayamba kudandaula ngati mlamu wanga uja.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimangoti zonse zili bwino, inunso n'kuti zonse zili bwino, mayunitsi n'kutha tonse titanama. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi yemwe uja, pamodzi ndi kangachepe ndi nsapato za chisamba wathu. Muyambe ndi malata a chipinda cha ana, zina pambuyo. Njinga musabwerekenso achimwene anu. Anaibweza yopanda belu, ulendo uno adzabweza belu lopanda njinga.

Mwafunsa kuti ndibwera liti. Disembala, mayi. Ndikudziwa kuti ndinanenanso chaka chatha, koma uyu ndi Disembala weniweni.

Nkhani yatsopano ndi yakuti ndalowa kalabu. Musaseke. Ndi ya antchito a pafakitale yathu ya magalimoto, yothandiza anthu a m'dera lino. Loweruka, m'malo mokhala kuhositelo kumvera anthu akukangana ndi mabotolo, timavala masikipa achikasu n'kupita kukapenta sukulu, kukonza mipope, kutola zinyalala. A Tcheya athu ndi kalaliki wa kuofesi ya malipiro, munthu wokonda kujambulitsa. Burashi amaigwira pokhapokha kamera ikaloza kwa iwo.

Mwezi uno tayamba kuyendera nyumba ya okalamba kuseri kwa njanji. Ambiri mmenemo anagwirapo pafakitale pathu kalekale, matchona amene ntchito inawathera koma njira ya kwawo sanaione. Aliyense wa ife anapatsidwa nkhalamba yake. A Metiloni, mayi woyang'anira nyumbayo, atamva kalankhulidwe kanga anati, "Inu mutenge a Pisitoni, mwina inu akuyankhani." Limenelo ndi dzina lapantchito, la kachitsulo ka mu injini, lenileni palibe amaliitana.

Ndinawapeza ataima pazenera, atatipatsa nkhongo. Munthu wamtali, wowonda, malaya atapisira bwinobwino. Ndinapereka moni wakwathu, sanacheuke. Manja okha ndiwo ankayenda: kutola kanthu kosaoneka, kuika, kupotoza, kupukuta pa thalauza, kutolanso. Ndinakhala pabedi pawo mpaka nthawi yochoka osamva liwu lawo. Pobwerera anzanga ankasimba zoseketsa za nkhalamba zawo, ine nthabwala inandikanika.

Mupereke moni kwa onse.
Bambo a ana

30 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino. Ine ndili moyo. Mwandiseka kuti ndayamba kucheza ndi okalamba chifukwa ndapeza amsinkhu wanga. Chabwino, ndalandira, koma kumbukirani kuti tinasiyana chaka chimodzi chokha.

Mwafunsa kuti Chipewa amene ndimamutchula pa foni ndi ndani. Ndi wopumitsa wathu. Pamzere wa injini lamba wonyamula injinizo saima. Injini zimabwera zokha, ina pambuyo pa inzake, ndipo munthu suchoka pamalo pako ngakhale chikhodzodzo chiphulike, mpaka wopumitsa abwere, akugwire paphewa n'kunena kuti, "Ndafika, pita." Iye amaima m'malo mwako, iwe n'kuthamanga. Ukachoka wekha injini imadutsa yosamanga, ndipo ikakapezeka kutsogolo mlandu ndi wako. Chipewa amachedwa dala kwa amene sanamugawire fodya, ndiye ine wosasuta ndimagula fodya.

Sabata yatha kalabu inaitana mlendo, bwana wachinyamata wa kuofesi yaikulu, kudzatiuza za tsogolo la magalimoto. Tinakhala m'holo yodyera, tiyi ndi mabisiketi zili patebulo, iye akuonetsa zithunzi pakhoma. Akuti magalimoto akubwerawa ndi amagetsi. Alibe injini, alibe thanki ya mafuta, alibe utsi, koma batire lalikulu loyalidwa pansi ngati matiresi. Akuti m'matauni mudzakhala mpweya wabwino, ana adzasiya kutsokomola. Apo ndinaganiza za mzime wathu, ndipo sindinganame, ndinaomba nawo m'manja.

Chipewa anakweza dzanja. "Bwana, mwati injini kulibe. Nanga ife a kuholo ya injini tizimanga chiyani?"

Bwanayo anamwetulira nati palibe amene atayidwe. Wofuna aphunzire za mabatire n'kusainanso zaka zina, wosafuna alandire zake azipita. A Tcheya anathokoza mlendo, tinajambulitsa.

Potuluka, imodzi mwa magalimoto amenewo inandidutsa kumbuyo pabwalo. Sindinaimve n'komwe. Ndinangoona chithunzithunzi chake chikundipitirira, kamphepo n'kundikhudza pamwendo. Zaka zonsezi galimoto ndimaidziwa ndi khutu isanafike, koma ija inadutsa ngati munthu wozemba pamaliro. Ndinachita mantha, ndipo sindikudziwa bwinobwino kuti ndinaopa chiyani.

A Pisitoni akadali pazenera. A Metiloni akuti amaimapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amadyera choimirira, ndipo nthawi zina amadzinyowetsa chimbudzi chili pafupi pomwepo. Ukawakoka amakuwa ngati ukuwapha. Ndawatengera sopo ndi mathalauza anga awiri akale.

Makina anu osokera musapereke kwa wokonza wa pamsika uja. Ndi lamba chabe, ndikutumizirani.

Bambo a ana

18 Meyi

Amake ana,

Moni nonse. Ndamva kuti malata akhomedwa, mwagwira ntchito. Mmisiriyo musamuthokoze kwambiri mpaka mutaona kuti sipakudontha.

Lero ndili ndi nkhani imodzi yokha. Loweruka lapitali ndinakhala pabedi la a Pisitoni monga mwa masiku onse, ndikuyang'ana manja aja poti mulibe china choyang'ana. Lamanzere litola, lamanja liika, apotoza kuyambira pakati kupita m'mbali, apukuta, asuntha phazi, adikira. Apo ndinazindikira. Mayi, amenewo ndi malo anga. Ndi mmene timamangira mutu wa injini, mabawuti apakati poyamba kuti chitsulo chisapindike. Kusuntha phaziko n'kuzemba kachitsulo kotuluka pansi pa lamba, komwe kanandiswa chala nditangoyamba kumene. Munthuyu ankaima pomwe ndimaima ine, ine ndisanamere ndevu.

Sindinaganize kanthu. Ndinanyamuka, ndinawagwira paphewa, ndinati, "Ndafika, pitani."

Manja anaima. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena m'chilankhulo chathu chenicheni, "Mwachedwatu, achimwene." Anauyamba okha ulendo wa kuchimbudzi. A Metiloni anali pakhomo ndi mbale ya chakudya, anangogwira pakamwa.

Koma atafika pakhomopo anacheuka, n'kuona kuti ine ndabwerera pabedi. Nkhope inasintha, anayamba kubwerera mothamanga. Ndinazindikira kulakwa kwanga. Ndinalumphira pazenera n'kuyamba kutola ndi kumanga mphepo, ndipo apo m'pamene anapita. Atabwerako anasamba m'manja, anakhala pampando, anadya mbale yonse pang'onopang'ono akundiyang'anitsitsa. "Musathamange," anatero. "Apakati poyamba."

Ndiye wina akakuuzani kuti amuna anu anawaona pazenera atavala sikipa yachikasu akumanga injini yosaoneka, musakane, ndi zoona.

Akudya anacheza. Ali ndi mkazi, akuti wodziwa kusoka, ndi ana aakazi awiri. Nditafunsa kwawo anafotokoza phiri ndi mlatho wamatabwa, koma dzina la mudzi linawathawa.

"Nanga mupita liti?" ndinafunsa.

"Disembala," anatero, akunyambita supuni.

A Metiloni anandinong'oneza kuti chiyambireni iwo ntchito m'nyumbamo, ali mtsikana, yankho ndi lomwelo, ndipo palibe mlendo anawafikirapo. Kuhositelo nditasimba, anzanga anaseka mpaka kugwera pamabedi. Ndinaseka nawo, koma chakudya sichinalowe.

Bambo a ana

27 Julayi

Amake ana,

Moni. Ndili bwino. Kalata yanu ndalandira, ndipo yandiwotcha m'manja. Mwati ndikusamala nkhalamba ya eni pamene mwana wanga amanditchula kuti amalume a pa foni. Mwanena zoona. Mwatinso kwabwera anthu kudzafunsira chisamba wathu. Mnyamatayo sindikumudziwa. Auzeni adikire Disembala, ndidzamuone ndi maso anga. Ngati ndi wabwino sawola.

Ndinalembetsa maphunziro a mabatire. Musakwiye msanga. Ndinaganiza kuti zaka zina pang'ono, nyumba ithe, mzime apite patali ndi sukulu. Amatiika m'chipinda choyera ngati chipatala, kutiveka magolovesi a mphira mpaka m'zigongono, n'kutiuza kuti chala chimodzi pamalo olakwika basi kwatha. Ntchito yambiri ikugwiridwa ndi mikono yachitsulo yotsekeredwa m'makola agalasi, munthu umangoyang'ana pa kompyuta. Mulibe phokoso, mulibe fungo la oyilo, moti ndimamva mtima wanga ukugunda. Zotsatira za mayeso sizinatuluke, koma mphunzitsi akafika pa ine amalankhula mokweza ndi pang'onopang'ono, ndiye mukudziwa kale.

Chipewa wapita. Analandira zake n'kumanga katundu sabata yomweyo. Potsanzika anandisiyira ndowa yake, nati, "Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Tiye, iwe." Ndinati nditsatira. M'malo mwake sanaikemo wina. Akuti lamba akuyenda pang'onopang'ono masiku ano, aliyense adzionere yekha.

Kanthu kena kakang'ono. Tsiku lina m'basi ya m'tauni mayi wina anasamuka pampando umene tinakhala limodzi. Nditayang'ana, manja anga anali pa ntchito kumsana kwa mpando wakutsogolo. Ndi kutopa chabe. Musauze ana.

Bambo a ana

21 Sepitembala

Amake ana,

Ndikupatsani moni, koma sindinena kuti ndili bwino. A Pisitoni atisiya.

Ndiyambe kumayambiriro. Fakitale inasiya kutibwereka galimoto ya Loweruka, ndipo a Tcheya anati kalabu tsopano izidzala mitengo mozungulira holo yatsopano ya mabatire, poti n'pafupi ndipo zithunzi zimatuluka bwino. Nyumba ya okalamba inachotsedwa pa ndondomeko. Ine ndinapitiriza ndekha wapansi, osati Loweruka lokha koma masana aliwonse ndikaweruka, chifukwa miyendo yawo inali itatupa ngati mitondo. Dokotala anati agone, iwo anakana. A Metiloni anayesa kuwagwira paphewa n'kunena mawu aja, koma anawayankha kuti, "Pamzere uno sipagwira akazi." Ndiye ankadikira ine. Ndikafika ankagona kanthawi, ine ndili pazenera. Ndikati ndizipita ankadzukanso, kugwira khoma, kukaima.

Lachitatu lina ndinawapeza akupuma movutika, chipumi atachitsamiritsa pagalasi, manja akuyendabe pang'onopang'ono. Nditawagwira paphewa sanasunthe.

"Achimwene," anatero, "belu silinalire? Shifiti imeneyi yatalika."

A Metiloni anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenako ndinati, "Lalira, bambo. Mwaweruka. Malo ano ndi anga tsopano, inu pitani kwanu."

"Simuchokapo?"

"Sindichokapo."

Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, ngati kapitawo woyesa munthu watsopano. Kenako anakhala pabedi, anavula nsapato okha, anaziika bwinobwino pansi pa bedi, n'kugona chagada manja ali pachifuwa, ali phee. Kanali koyamba kuwaona manja amenewo atakhala chete. Sanadzukenso kukaima. Anamwalira Lamulungu m'mawa, a Metiloni akutsegula makatani.

Tinawaika kumanda a tauni. A kalabu anabwera ochepa, ndi masikipa awo. A Tcheya polankhula anakanika kutchula dzina la pachikalata cha imfa, anandipatsa ine kuti ndiwerenge. Mayi, ndi dzina lakwathu ndithu, mfunda wake ndi wofanana ndi wa amayi anu. Kwinakwake kuli ana aakazi awiri, mwina ndi agogo tsopano, amene sakudziwa kuti bambo awo tinawakwirira ife.

A Metiloni akuti ndinawachitira chifundo. Mwina. Koma ndinalonjeza kanthu kwa munthu amene sindingathenso kukamupempha kuti andimasule, ndipo mawu angawo sakundichoka m'khutu.

Za mabatire sanandisankhe. Mwina mukondwera.

Bambo a ana

16 Novembala

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ine thupi lili bwino, ngakhale msana wasiya kudandaula poti Lolemba kulibenso.

Holo ya injini anaitseka Lachisanu. Injini yomaliza anaimangirira riboni, mabwana anatsika kudzajambulitsa nayo, a Tcheya ali pakati. Inafika pamalo panga, ndinaimanga mutu monga mwa nthawi zonse, inapita. Ndinatambasula dzanja kuti nditole mabawuti a yotsatira, koma pa lamba panalibe kanthu. Anayendabe wopanda kanthu kanthawi, kenako anaima, dzuwa likadali pamutu. Belu silinalire, poti sinali nthawi yake.

Simungamvetse chete wa mmenemo. Anthu zaka zonsezi timalankhulana mokuwa, tsiku limenelo tinayamba kunong'onezana ngati m'chipatala. Ena anavula maovolosi n'kumapita kukalandira makeke amene anatikonzera. Ine ndinaimabe. Sikuti ndinkaganiza kanthu, miyendo yokha sinkadziwa kuti munthu amachokapo bwanji popanda wokuuza. Anadzandipeza ndi mlonda akuzimitsa magetsi. Anati, "Bambo, mwataya chiyani?" Ndinati palibe, ndipo ndinatuluka chifukwa cha manyazi.

Zanga ndalandira, sanandibere. Zambiri ndatumiza kwa inu, musunge, musauze mlamu. Bedi la kuhositelo akufuna tibweze mwezi uno ukamatha, poti kukubwera achinyamata a mabatire. Ndagula chikwama chachikulu chamatayala, nsalu yanu, suti yoti ndidzavale polandira anthu a chisamba wathu, ndi kagalimoto kachidole ka mzime. Kamayenda ndi batire. Ndinafunafuna kena kopanda batire, kulibe.

Ndiye konzani pogona. Ulendo uno mulibenso chifukwa chondikayikira, chifukwa kuno kulibe chondigwira. Ndikwera basi yoyamba ya Disembala. Uzani mzime kuti amalume a pa foni ali ndi miyendo.

Bambo a ana

25 Januwale

Mkazi wanga,

Moni. Mafoni anu ndimawaona akulira, sindiyankha chifukwa ndikudziwa kuti ndinganame. Dalaivala wandiuza kuti munadikira pasiteji ndi ana, ndipo anthu ofunsira aja munawayankha nokha ndi achimwene anu. Munachita bwino. Sindikudwala, sindinamwe ndalama, palibe mkazi wina. Zikanakhala zimenezo bwenzi ndikudziwa chopepesa.

Kudepoti ndinapita. Tsiku loyamba tikiti ili m'thumba, chikwama chitakwezedwa kale, ndinaponda pakhomo la basi, mtima n'kuyamba kugunda ngati ndasiya moto m'nyumba. Ndinauza kondakitala kuti ndaiwala kanthu, anditsitsire chikwama. Sabata yotsatira ndinalimba mtima, ndinakhala pampando, basi inanyamuka. Titafika pomwetsera mafuta kumapeto kwa tauni ndinatsika ngati ndikukataya madzi, ndinatenga chikwama changa, ndinabwerera wapansi ndikuchikoka. Ndinkalira, mayi, koma miyendo inkayenda.

Nditachoka kuhositelo a Metiloni anandipatsa pogona, kuti ndizikonza mipope ndi kukankha njinga za olumala. Chipinda chopanda munthu chinali chimodzi chokha, mukuchidziwa. Miyezi yonse ija ndinkaima pazenera lija ndikuyang'ana manja anga, sindinayang'anepo kunja. Tsopano ndaona. Kuseri kwa njanji, pakati pa nyumba ziwiri zosanja, pamaoneka denga la holo ya injini. Ayamba kulisasula. M'mawa uliwonse ndimati ndingoonako pamene afika, ndipo ndimadzazindikira a Metiloni akundiitana kachitatu kuti tiyi wazizira.

Kumapeto kwa chaka a kalabu anakumbukira nyumbayi, anabwera ndi mphatso. A Tcheya anali kutsogolo ndi wojambula. M'chipinda mwanga munalowa mayi wina watsopano wa ku mabatire, atavala sikipa yachikasu ngati yanga imene ili m'chikwama. Anagwada, anandipatsa bulangete ndi sopo, nati, "Agogo, kwanu n'kuti?" Ndinamuuza, dzina la mudzi ndi lanu ndi a ana, zonse bwinobwino, ndipo ndinazibwereza kawiri kuti ndidzimve ndekha. Anati, "Nanga simupitako?" Ndinatsegula pakamwa, ndinamva yankho lija la a Pisitoni likubwera, ndinatseka. Bulangetelo ndinalandira.

Ndikuopa. Sindinakuuzenipo mawu amenewa chikwatiraneni, lero ndanena.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukulamulani za malata ndi njinga, lero ndikupempha. Musandilembere, musandiimbire. Tengani pa zimene ndinatumiza zija, siyani mzime ndi mkulu wake, mukwere basi yomwe yabweretsa kalatayi. Dalaivala ndalankhula naye, akusonyezani njira ya kuseri kwa njanji. Chipinda ndi chomaliza kukhonde, kumanzere.

Mukafika musakhale pansi, musalandire tiyi wa a Metiloni, ndipo musamvere chilichonse chimene ndidzanene. Ndidzakuuzani kuti mpope wa kubafa sunathe, kuti tidikire mwezi uthe, ndipo zidzamveka zanzeru, pakamwa panga mukupadziwa. Inu mungogwira chikwama, chili chomangamanga kuseri kwa chitseko, n'kutuluka nacho osacheuka. Muziyenda pang'onopang'ono kuti ndizikuonani. Ndekha ndalephera, koma kumbuyo kwanu ndikhoza kuyenda.

Ine mwamuna wanu